Kuthamangitsa Ndege ya Mwana Wanga

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi pamene ndinaphunzira kuyendetsa ndege yankhondo pa foni. Anthu a ku Mandimba amene ankandiona nditawerama pa kagalasi, njinga zawo zili gada osagwiridwa, ankati mutu wanga wasokonekera. Sindinkawatsutsa. Kutchedwa wamisala kunali kopepuka kusiyana ndi kufotokoza chifukwa chenicheni.

Ntchito yanga ndi yokonza njinga, zakapalasa ndi zamoto zomwe. Ofisina yanga ndi kachisakasa ka malata m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Ndinabadwira ku Malawi makolo anga atathawira kumeneko nthawi ya nkhondo, ndipo tinabwerera kuno ndili mwana. Nditakula ndinakwatira ku Ngauma, n'kumanga nyumba kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo. Tinabereka ana awiri, woyamba wamkazi, wachiwiri wamwamuna. Kumudziko njinga zokonza zinali zochepa, choncho mkati mwa sabata ndinkakhala ku Mandimba, n'kumapita kunyumba Loweruka.

Ndinene mosabisa. Ku Mandimba ndinali ndi mkazi wina amene kunyumba sankamudziwa. Loweruka lina nyengo ya mvula, m'malo mopita ku Ngauma, ndinawoloka naye malire kukacheza kwa abale ake, ndipo foni ndinaizima kuti asandivutitse. Tsiku lomwelo mwana wanga wamwamuna, wa zaka zinayi, anagwidwa ndi malungo mpaka kukomoka. Mayi ake anali kumunda wakutali. Mlongo wake, amene anali ndi zaka khumi ndi zitatu, anabwereka foni kwa aneba n'kundiimbira kambirimbiri. Ataona kuti sindikupezeka, anamubereka kumsana n'kuyamba ulendo wapansi wa kuchipatala. Mwanayo anamwalira m'mawa wa Lamulungu, ndipo monga timachitira Asilamu, anaikidwa dzuwa lisanapendeke. Ine ndinayatsa foni Lolemba.

Nditafika kumudzi ndinapeza alamu anga, achimwene a mkazi wanga, atakhala pakhonde. Sanakweze mawu. Anangoti, “Zovala zanu zili m'thumba umo. Tengani.” Mwana wanga wamkazi anaima pakhomo. Ndinamuitana. Anandiyang'ana, n'kunena mawu amodzi okha: “Ndinakuimbirani.” Kenako analowa m'nyumba.

Panapita zaka zitatu osamvanso mawu ake. Mkazi wa ku Mandimba uja tinasiyana chaka chomwecho. Alamu anga, amene amachita malonda a nyemba ku Cuamba, anamutenga mwanayo kuti azikaphunzira sekondale kumeneko. Ndinatumiza nsalu, inabwerera. Ndinatumiza nsapato, zinabwerera zili m'pepala lake lomwe. Nambala ya foni yake palibe amene ankafuna kundipatsa.

Amene anandiuza za masewerawo ndi mchemwali wanga wamng'ono. Iye amagwira ntchito ku Cuamba m'kasitolo kojambula mapepala, ndipo m'menemo muli intaneti. Tsiku lina mwezi wa Ogasiti anandiimbira.

“Achimwene, mwana wanu ndimamuona tsiku lililonse. Akaweruka kusukulu amabwera kuno kudzakhala pa benchi ndi foni yakale ya amalume ake.”

“Amandifunsa?”

“Ayi. Ndikangotchula za inu amanyamuka. Koma mverani. Akamaliza mayeso a chaka chino akumutumiza ku Nampula, kwa abale a mayi ake. Akapita kumeneko, inu basi.”

Mchemwali wanga anapitiriza. Anati mtsikanayo amasewera jogu ina, masewera a pa foni, ya ndege za m'mlengalenga, zomenyana pakati pa nyenyezi, ndipo anyamata a kusukulu kwake amamuopa chifukwa palibe amene amamugonjetsa. Anati m'masewerawo anthu amalemberana, ngakhale amene sadziwana.

“Ndiuze dzina limene amagwiritsa ntchito,” ndinatero.

“Achimwene, mukufuna kutani?”

“Ndiuze basi.”

Tsiku lomwelo ndinaika masewerawo m'foni yanga. Pa malo a dzina ndinalemba manambala opanda tanthauzo. Ndinafufuza dzina la mwana wanga ndipo ndinalipeza, pambali pake pali kandege koyera. Ndinadina kuti ndimulembere, koma zinakana. Ndinadinanso. Ndiye ndinawerenga bwinobwino mawu a Chipwitikizi amene ankatuluka. Masewerawo anali ndi magawo asanu ndi awiri, ngati makwerero. Ukapambana umakwera pang'ono, ukagonja umatsika. Munthu ungamulembere kapena kumuitana kuti mumenyane pokhapokha muli gawo limodzi. Ine ndinali gawo loyamba. Mwana wanga anali lachisanu ndi chimodzi. Mayeso ake anali kutsogolo miyezi itatu.

Nkhondo yanga yoyamba inatha ndisanadziwe kumene kunali kumwamba. Chala chachikulu chakumanzere chimayendetsa ndege, chakumanja chimaombera. Ndege yanga inazungulirazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, n'kukagunda chimwala choyandama, n'kuphulika. Mdani wanga sanawononge chipolopolo n'chimodzi chomwe. Yachiwiri chimodzimodzi. Zala zanga zinali ndi zikanga za masipanala komanso mafuta olowerera m'khungu, moti galasi nthawi zina silinkamva n'komwe kuti ndaligwira. Ndinayamba kuzitsuka ndi sopo waufa ndi mchenga, n'kumazikhula pa mwala mpaka zinafiira. Maso nawo ankandinamiza, tindege ta adani tinkaoneka ngati tiudzudzu. Ndinagula magalasi a pamsika, aja amagula okalamba owerengera.

Panalinso vuto la redi, netiweki ya foni. Kuno kufupi ndi malire, foni imatha kusiya mafunde a kwathu n'kugwira a ku Malawi, ndipo zikatero masewera amangouma pomwepo. Akamadzabwerera, upeza wafa kale. Ndinayenda ndi foni m'mwamba kuzungulira ofisina mpaka ndinapeza malo amene redi sinkagwedera: pamwamba pa chulu, kuseri kwa chisakasa changa. Pamenepo panalibe mthunzi. Masana galasi silinkaoneka ndi dzuwa, ndiye ndinkadzifunda chitenje kumutu. Tangoganizani bambo wa imvi m'ndevu, atakhala pa chulu mwezi wa Seputembala, atafunda chitenje chamaluwa, thukuta lili kamukamu. Azimayi opita kumsika ankaseka mpaka kutula madengu. Foni ikatentha ndinkaikulunga m'kansanza konyowa n'kudikira.

Sabata ziwiri zoyamba sindinapambane ngakhale kamodzi. Chimene chinandithandiza chinali kukumbukira za ubwana. Tili ku Malawi tinkasaka njiwa ndi malegeni, ndipo aliyense ankadziwa kuti njiwa youluka suilasa pomwe ili, umaponya mwala kutsogolo kwake kuti ikakumane nawo. Ine ndinkaombera pomwe ndege ya mdani ili, zipolopolo n'kumadutsa kumbuyo kwake. Tsiku limene ndinayamba kuombera kutsogolo, ndinaona ndege ya munthu wina ikuthetheka, kenako phuu. Ndinakuwa ndekha pa chulu paja.

Chachiwiri ndinachiphunzira ku ntchito yanga. Anyamata a mota, njinga zamoto, amene amangodziwa kukoka moto osadziwa mabuleki, onse amathera ku ofisina kwanga ndi mafoloko opindika. M'masewera muja namonso aliyense ankangothamanga. Ndinazindikira kuti mdani akakhala kumbuyo kwako, kuthawa n'kungomupatsa msana. Umatseka moto mwadzidzidzi, iye n'kukudutsa ndi liwiro lake, ndipo pamenepo wakumbuyo ndiwe. Ndi kachenjerero kameneka ndinakwera gawo lachiwiri ndi lachitatu. Ndinaphunziranso kumvetsera. Mzinga ukakulondola pamalira kabelu, ndipo ukakhota mochedwa wapita. Ndinali ndi timawaya ta m'makutu timene tinkamveka khutu limodzi, ndinatitsegula n'kutilumikiza ndi mtovu.

Gawo lachinayi ndi limene linatsala pang'ono kundipha. Kumeneko kunali anthu odziwa, a m'mayiko amene sindingathe kuwatchula, ndipo kachenjerero kanga ka mabuleki ankakadziwa onse. Ndikatseka moto nawo ankatseka, n'kundiswa ndili chiimire. Lachiwiri lina ndinagonja kasanu ndi kamodzi motsatizana kwa munthu mmodzi, ndipo nthawi iliyonse ankanditumizira kankhope koseka. Ndinatsika kubwerera gawo lachitatu. Uku n'kuti Okutobala ali pakati. Ndinaiponya foniyo m'tchire ndi mphamvu zanga zonse. Kenako ndinatsika pa chulu n'kuyamba kukwawa m'maudzu ouma ngati galu, ndikupempha Mulungu kuti isakhale itasweka. Ndinaipeza itang'aluka pakona, koma ikuyaka.

Ntchito inali kufa. Makasitomala anga anayamba kupita kwa mnzanga wa kutsidya kwa msewu. Lachisanu lina ndinamva kuitana kwa kumzikiti ndili pakati pa nkhondo, ndinati ndimalize kaye iyi, ndipo pomwe ndinkadzutsa mutu anthu anali akubwerako. Tsiku lina bambo wina amene ndakhala ndikumukonzera njinga zaka zambiri anaima pansi pa chulu n'kundiitana katatu. Ndinamumva, koma ndinali nditatsala pang'ono kugwetsa munthu. Nditavula chitenje anandiyang'ana mwachisoni.

“Amisiri, ndakuimbirani foni kuyambira m'mawa, mukungodula. Inu ngakhale kunyumba kutagwa zovuta angakupezeni?”

Iye sankadziwa mbiri yanga. Anakankha njinga yake n'kumapita. Ndinaganiza zosiya. Koma ndikasiya nditani? Kupita ku Cuamba ndinali nditayesa kale kawiri, ndipo kawiri konse mwanayo anatulukira khomo lakuseri. Njira ina ndinalibe. Ndinafundanso chitenje.

Ndinayamba kuchita chinthu chimene poyamba ndinkachiona ngati kutaya nthawi. Masewerawo amalola kuonera nkhondo imene wagonja, kuchokera kumbali ya amene wakugonjetsa. Ndinkaonera imfa zanga zonse, imodzi ndi imodzi, monga mmene ndimamasulira injini kuti ndione chimene chadyeka. Ndinaona kuti ndinkamaliza moto wothamangitsira koyambirira, pofika pofunika kuthawa ulibe. Ndinaona kuti ndinkaombera ndili kutali, mfuti n'kutentha, mdani akamayandikira ine ndilibe choombera. Ndinaona kuti odziwa salimbana pabwalo loyera, amakokera mnzawo ku miyala. Ndinakonza chimodzichimodzi. Kumayambiriro kwa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana ku mapiri, ndinalowa gawo lachisanu. Patatha masiku khumi ndi awiri, masana ena, foni inalira kanyimbo kachilendo, ndipo pa galasi panalembedwa kuti ndafika gawo lachisanu ndi chimodzi.

Mchemwali wanga anali atandiuza kuti mtsikanayo amafika kusitolo cha m'ma thuu koloko. Ndinakwera pa chulu ola lathunthu nthawi isanakwane. Dzina lake litasanduka lobiriwira, kusonyeza kuti walowa, ndinatsegula malo olembera uthenga. Ndinali nditakonza mawu miyezi itatu. Palibe ngakhale amodzi amene ndinalemba. Ndinadziwa kuti ndikangonena kuti ndine ndani, anditsekera pomwepo. M'malo mwake ndinadina pomuitana kuti timenyane.

Anavomera.

Ndege yanga inali yaikulu, ya chishango chokhuthala, chifukwa ndinkaopa kufa. Yake inali kakang'ono koyera kaja, kopanda chitetezo chenicheni, koma kothamanga ngati namzeze. Ndinakaona kamodzi kokha kakudutsa pamwamba panga. Ndisanatembenuke, chishango changa chinali chitatha, ndipo galasi linafiira. Ndinamuitananso. Anandiphanso. Nditagonja kachitatu ndinaona kuti ndatsala pang'ono kugwera gawo lachisanu, kumene sindikanamufikiranso. Kuyambira pamenepo moyo wanga unakhala wotere: m'mawa wonse ndinkamenyana ndi anthu ena kuti ndipeze pokwerera, kuti masana ndikathe kuphedwa ndi mwana wanga kawiri kapena katatu.

Tsiku lachinayi, atangondiphulitsa, pansi pa galasi panatuluka mawu. Analemba m'Chipwitikizi: “Umakhotera kumanzere nthawi zonse. Ndimangokudikira kumeneko.”

Amenewo anali mawu oyamba a mwana wanga kwa ine m'zaka zitatu. Ndinawawerenga mpaka zilembo zinasungunuka m'maso. Ndinalira pansi pa chitenje chija, mamina ndi thukuta pamodzi. Ndinayankha kuti, “Zikomo.”

Mawa lake analembanso. “Usamaope miyala. Yandikira mpaka ukhule phiko.” Mkuja wake anati, “Ndege yakoyo ndi ng'ombe, sintha.” Ndinasintha. Anayamba kulemba ndi zina zosakhudza masewera. Anati mawa ali ndi mayeso a masamu ndipo mutu ukumupweteka. Anati anyamata a m'kalasi mwake akagonja amatukwana, koma ine ndimangobwerera mwakachetechete, ndipo zimenezo zimamusangalatsa. Ndinkafuna kumufunsa ngati wadya, ngati amagona m'neti, ngati wakula kufika pati. Ndinkangoyankha kuti, “Chabwino,” kapena “Mayeso akuyendere bwino.” Ndinkadziwa kuti ndikumunamiza. Tsiku lililonse ndinkati lero ndimuuza, ndipo tsiku lililonse ndinkaopa kutaya kochepa komwe ndinali nako.

Mapeto ake ndinadziikira lamulo. Ndinati tsiku limene ndidzamugonjetse ndidzamuuza zoona. Mwina mumtima ndinkakhulupirira kuti tsikulo silidzafika.

Linafika Lachitatu la sabata yake yomaliza ya mayeso. Kumwamba kunali kutada bii, mphepo ikukoka chitenje, ndipo batire inali itafiira. Masewera anatiponya m'bwalo la chombo chachikulu chosweka, zidutswa zake zikuyandama paliponse. Ndinalowa pakati pa zidutswazo osadikira. Iye anabwera kuchokera pansi, monga ankachitira, ndipo kabelu ka mzinga kanalira m'khutu. Ndinazembera kuseri kwa chitsulo china, mzinga n'kuphulikira pamenepo. Ndisanapume anali kale kumbuyo kwanga. Zipolopolo zake zinadya chishango changa mpaka chinatha. Kutsogolo kunali chibowo m'mimba mwa chombo chija, chopapatiza, cha kudzanja lamanja. Ndinapendeketsa ndege pang'ono ngati ndikukhotera kumanzere. Ndinaona kandege koyera kakudumphira kumeneko kukandidikira. Pomwepo ndinatseka moto, n'kukhotera kumanja, n'kulowa m'chibowo muja phiko likukhula khoma. Ndinatsegula moto wonse umene ndinasunga. Potulukira mbali ina, ndinamupeza ali patsogolo panga chammbali, akutembenuka kundifunafuna. Ndinaloza patsogolo pa mphuno ya ndege yake n'kukanikiza chala osachotsa.

Kandege koyera kanagawika pakati n'kuyaka.

Madontho oyamba a mvula anagwera pa galasi. Sindinasangalale ngakhale pang'ono.

“Eee!” analemba. “Wandinamiza bwino! Ndiwe wa kuti iwe?”

Ndinalemba kuti, “Ku Mandimba.”

Panapita kanthawi. Kenako: “Uli ndi zaka zingati?”

Zala zanga zinkaterera pa galasi lonyowa. Ndinasiya Chipwitikizi n'kulemba m'chinenero chathu. “Ndine bambo ako. Usatseke, ndikupempha. Ndimangofuna kumva mawu ako.”

Dzina lake linachoka ku mtundu wobiriwira n'kukhala lotuwa. Ndinadina, ndinadinanso. Panatuluka mawu akuti munthu ameneyu simungamulembere. Mvula inakhuthuka, ine ndili pa chulu pomwepo, mpaka foni inazima yokha.

Madzulo nditaitchaja, mchemwali wanga anaimba akulira. Anati mwanayo anaimirira pakati pa sitolo n'kumufunsa kuti, “Azakhali, ndinu munandipereka?” Mchemwali wangayo anaulula zonse, za chulu ndi za chitenje zomwe. Mtsikanayo anatuluka mvula ikugwa, osatenga ndi ambulera yake.

M'mawa kutacha ndinakwera chapa, minibasi yoyamba ya ku Cuamba. Njira yonse ndinakhala chopanikizika pakati pa matumba a chimanga ndi mayi wina wonyamula nkhuku, ndipo sindikukumbuka kuti ndinaona chiyani pawindo. Ndinafika kunyumba kwa alamu anga dzuwa lili pamutu. Sindinagogode. Ndinakhala pansi kunja kwa mpanda, pamwala, moyang'anana ndi chipata. Njinga zinkadutsa, anthu n'kumandiyang'ana. Patapita maola atatu alamu anga anafika pa mota yawo kuchokera kumsika. Anavula chisoti, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Alamu, mwaonda,” anatero.

“Ndabwera kudzaona mwana.”

“Dzulo sanadye. Lero wapita kukalemba mayeso maso ali otupa. Mukudziwa chimene mwachita?”

“Ndikudziwa.”

“Munthu wamkulu ngati inu, kumuzembera mwana ndi dzina labodza.”

Anakhala kanthawi akusewera ndi makiyi. Kenako anati, “Ine sindimukakamiza, komanso sindimuletsa. Ndikamuuza kuti muli pano. Akakana, mukwere chapa yobwerera, ndipo musadzabwerenso.”

Analowa. Ndinamva mawu chapansipansi m'nyumba, kenako chete. Ndinali nditayamba kuimirira kuti ndizipita pamene chipata chinatseguka.

Anali atatalika kuposa mayi ake. Anavala mpango wakuda kumutu ndi siketi ya sukulu. Sanatuluke, anaima pachipata pomwepo dzanja lili pa chitseko. Ndinamulonjera. Sanayankhe moniyo.

“Munali kuti tsiku lija?” anafunsa.

Kwa zaka zitatu ndinali nditakonza mayankho ambiri, a batire, a redi, a ntchito. Ndinati, “Ndinali ku Malawi ndi mkazi wina. Foni ndinazima dala.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndikuganiza kuti ankadziwa kale, ankangofuna kuti zituluke pakamwa panga.

“Ankalemera,” anatero. “Simungadziwe mmene ankalemerera. Ndinapuma katatu panjira. Ankalira, akuitana amayi, akuitana inu. Titafika pa kamlatho kaja anasiya kulira, ine ndinasangalala, ndinkayesa wagona.”

Ndinagwada pamatope paja. Ndinati andikhululukire. Ndinanena zambiri zimene sindikuzikumbuka.

“Dzukani, anthu akuona,” anatero. Nditadzuka anapitiriza. “Munthu uja wa m'masewera ndinkamukonda. Ndinkathamanga pochoka kusukulu kuti ndikamupeze. Ndinkati pali munthu mmodzi amene sandimvera chisoni, amene sadziwa chilichonse cha ine. Ameneyonso mwandilanda.”

Pamenepo ndinaona kuti pa miyezi itatu yonse ija ndinkaganiza za njala yanga yokha. Sindinadzifunse n'kamodzi komwe kuti iye zidzamukhalira bwanji.

“Azakhali akuti mwakhala pa chulu kuyambira Ogasiti,” anatero. “Nanga kumanda kwa mwana wanu munapitako?”

“Anandithamangitsa kumudzi kuja.”

“Munapempha?”

Sindinapemphe. Ndinkaopa.

“Ine ndine mkazi, kumanda sandilola. Sindidziwa ndi pomwe anagona. Inu amakulolani, koma simunapite.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. “Ndili ndi mayeso mawa.” Anatseka chipata.

Alamu anga anatuluka patapita kanthawi n'kundiperekeza pokwerera chapa. Pofika anati, “Ndiimbira akuluakulu kumudzi. Mupite Lolemba. Musayembekezere kuti akakulandirani ndi manja awiri.”

Lolemba ndinapita ku Ngauma. Pamsewu anandichingamira mkulu wina wa kumzikiti, amalume a mkazi wanga wakale, amene anali nawo poika maliro. Anayenda patsogolo ndi ndodo yawo, ine pambuyo, kudutsa m'minda ya chimanga chongomera kumene. Kumandako anafufuza kanthawi, chifukwa udzu unali utakula, kenako analoza ndi ndodo. Kanali kamtumbira kakafupi, kotitimira pakati, kamtengo kakumutu katadyedwa ndi chiswe. Sindinkadziwa kuti manda angakhale aafupi choncho. Khasu ndinalibe. Ndinazula udzu ndi manja, wonse, mpaka dothi linaoneka. Mkulu uja anayamba dua, pemphero lathu, ine ndikutsatira pomwe ndinkadziwa, ndipo pomwe mawu anandithera anapitiriza yekha.

Pobwerera tinadutsa pafupi ndi nyumba imene ndinamanga. Mkazi wanga wakale, amene tsopano ali pabanja lina, anali panja akusankha nyemba. Sanandilonjere. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu ya madzi, n'kuiika pa chitsa m'mbali mwa njira, n'kubwerera ku nyemba zake. Ndinamwa.

Ndinapempha alamu anga kuti amuuze mwanayo kuti ndapita, ndi kuti mandawo ali pansi pa mtengo wa msuku, chakum'mawa. Panadutsa masiku anayi. Lachisanu ndikumanga tcheni cha njinga, foni inalira ndi uthenga wochokera ku nambala yachilendo. Unali wa liwu limodzi: “Ndamva.”

Anakwera sitima ya ku Nampula mu Januwale. Tsiku lake sanandiuze, ndinamva kwa mchemwali wanga atapita kale. Masewera aja sindinawatsegulenso, ndipo makasitomala anga ena anabwerera, ena ayi. Mwana wanga amandilembera mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa mwezi, mizere iwiri kapena itatu. Sanandiitanebe kuti bambo, amangoyamba ndi nkhani imene akufuna. Ndikamufunsa za sukulu amati zili bwino. Ndikaimba sayankha, ndipo ndinasiya kuimba.

Sabata yatha analemba kuti wamva kwa mayi ake kuti mbuzi za m'mudzi zikumalowa kumanda, ndiye ndikaikepo kampanda. Ndafunsa mkulu wa kumzikiti uja ngati n'zololedwa, ndipo wavomera, bola kakhale ka mitengo, kosadzionetsera. Mitengo ndadula kale, ikuuma kuseri kwa ofisina.